Cikuni ca mwezi wa Juni

Pa kanema timaona anthu a ku Ulaya akudya Khirisimasi atavala majasi, kunja kutayera mbuu ndi cisanu. Kuno kwathu tsiku limenelo, limene boma limalicha Dia da Família, limatipeza ndi khasu m'manja, thukuta lili kamukamu, mvula ikugunda kumapiri. Cikondwerero cathu ca m'nyengo yozizira n'cina: 25 de Junho, tsiku la ufulu wa dziko la Moçambique. Pakangopita masiku 11, abale athu a tsidya la msewu amakumbukira ufulu wawo pa 6 Julayi, ndipo ambiri a ife timadya nawo konsekonse. Masiku awiriwa anagwera pakati penipeni pa cisanu. Munthu wa ku Angónia, ku Tsangano kapena ku Macanga safunika kuuzidwa: cifunga cimakuta phiri la Dómuè mpaka dzuwa litakwera, madzi a m'ndowa amaluma zala, ndipo m'madimba mame amatha kuundana n'kupsereza mbatatesi usiku umodzi wokha. Timakhala pamwamba, mamita opitirira 1,000 kucokera pa nyanja ya mcere, ndipo nsonga ya Dómuè imapitirira 2,000. Pamalo otere, musanawerenge nkhuku ndi mpunga wa phwando, mumayamba mwawerenga nkhuni.

Ine nchito yanga ndi ya pa wailesi ya m'dera, ndipo caka ciliconse Juni akayandikira, mafoni a omvera amasintha nkhani. Wina akuti thumba la makala lakwera, wina akuti Credelec yamuthera mwezi usanafike pakati, amayi ena akuti nkhuni zimene kale ankatola kuseri kwa mudzi lero akuzitsata ulendo wa m'mawa wonse. Pamapeto pake pamapezeka wofunsa kuti kodi a boma kapena a mabungwe adzatiphunzitsa liti kusunga moto. Funso limeneli limandiwawa pang'ono, cifukwa luso losunga moto linabadwira m'midzi yathu yomweyi, mabungwe asanadziwe n'komwe njira ya ku Ulónguè. Linatitayika m'manja, ndipo zaka zimene linatayikira tikhoza kuziloza.

Nyumba ya makolo athu inali yozungulira, yomata ndi dothi, ya denga la udzu ndi khomo lalifupi loti munthu alowe cowerama. Pakati pake panali mafuwa atatu. Moto wa pamafuwawo unkagwira nchito zimene lero tinazigawira zipangizo zisanu kapena kuposa, ciliconse ndi mtengo wake. Unkaphika nsima, unkatenthetsa nyumba, unkaunikira. Utsi wake unkakwera pa nsanja n'kuumitsa cimanga ca mbewu kuti anankafumbwe asaciboole, unkapitirira kudenga n'kupaka udzu mwaye kuti tizirombo tisaudye msanga, ndipo udzudzu unkathawa. Dothi la khoma linkamwa kutentha madzulo n'kumakubweza pang'onopang'ono mpaka mbandakuca. Amene anagonapo kwa agogo m'nyumba yotere, kenako n'kugona mu Juni m'nyumba ya malata yopanda siling'i, akudziwa kuti ndi iti imene imadzutsa munthu tambala asanalire.

Moto sunkaloledwa kuzima. Macesi kunalibe, ndipo kupeka moto, kuja kopukusa kamtengo kouma pa kanzake mpaka utsi utuluke, inali nchito yotupitsa manja imene munthu sankailakalaka. Conco madzulo, nsima itapsa, mayi ankasolola nkhuni zing'onozing'ono n'kuzizima m'phulusa kuti zidzagwirenso nchito mawa. Ankasiya cikuni cimodzi ca mtengo wolimba, muwanga kapena mombo, cikunyeka pang'onopang'ono, kumutu kwake atakwirira phulusa. M'mawa ankangofukula, kuikapo udzu pang'ono ndi kuuzira. Cikazima, mwana ankatumidwa ndi phale kukapala moto kwa anansi. Lero mawuwa tangowasiyira mwambi, tikamanena za munthu amene wapala moto kudambwe, koma kale imeneyi inali nchito wamba ya m'mawa. Tanthauzo lake n'lakuti moto wa mudzi wonse unali umodzi, wongoyenda khomo ndi khomo, ndipo khala la moto silinali cinthu comana mnzako.

Ngakhale kagonedwe kanali kosunga nkhuni. Anyamata a mabanja angapo ankagona pamodzi ku mphala, atsikana ku kuka kwa agogo aakazi. Ana khumi, moto umodzi. Nthano ndi zirapi zimene timazinyadira lero pa wailesi monga cuma ca cikhalidwe zinakulira pamenepo, pa moto wa Juni ndi Julayi, nchito ya kumunda itatha ndipo usiku utatalika. Wina akati "Padangokhala," onse ankayankha kuti "Tili tonse," ndipo analidi onse, cifukwa panja panali posakhalika.

Zikondwerero zikuluzikulu nazo zinkadikira nyengo yomweyi, nkhokwe zitadzaza: cinamwali, ziliza, maukwati, gule wamkulu wa Acewa, amene UNESCO inamulemba mu 2005 monga cuma ca Moçambique, Malawi ndi Zambia pamodzi, ndi ngoma ya Angoni a kwa Maseko, amene anadzakhazikika kuzungulira Dómuè ca m'ma 1870. Akuluakulu posankha tsiku ankayang'ana kumwamba. Gule wa usiku ankamuika mwezi ukamawala, ndipo moto woyaka pabwalo unali waung'ono, wa udzu, wowambira ng'oma zikafooka. Ovina ankadzitenthetsa ndi gule yemweyo. Cimene cinkadya nkhuni zenizeni ndi mowa. Kufulula masese ndi nchito ya masiku angapo, kuwiritsa ndi kuwiritsanso mbiya zikuluzikulu, ndipo banja limodzi silikanakwanitsa lokha. Ndiye ankasonkha: khomo lililonse mtolo wa nkhuni ndi licero la cimera, n'kuphikira pamalo amodzi, mbiya zitandandalika pamzere kuti lawi lothawa pa imodzi likagwire inzake. Pa maliro timacitabe zimenezi mpaka lero ndipo palibe amene amadabwa. Pa phwando pokha ndi pamene tinayamba kucita nazo manyazi.

Komanso Juni ndi mwezi wa zotsala za m'munda. Zitsononkho, mapesi, makoko a nyemba, ndi ndowe zouma za m'khola kwa oweta ng'ombe, zonsezi zinkalowa pamafuwa mtengo wamoyo usanakhudzidwe. Ku manda ndi ku dambwe nkhwangwa sinkafika, n'cifukwa cake lero mukaona kagulu ka mitengo yacilengedwe pakati pa minda yoyera, simufunsa kuti pali ciyani.

Ndisaname kuti unali moyo wokoma wokhawokha. Utsi wa m'nyumba unkafiiritsa maso ndi kutsokomoletsa amayi ndi makanda, ndipo ndi akuluakulu angati amene ali ndi cipsera ca moto umene anagubudukirapo ali m'tulo? Zofunda zinali zikopa ndi nsalu ya makungwa. Anthu ankasamala moto cifukwa moyo wawo wa usiku unali pamenepo, ndipo mtolo uliwonse unkabwera pamutu pa mayi.

Pa 11 Juni 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anasainirana pangano limene linadula malire pamsana pa mapiri athu, potsata pamene madzi amagawikana, ena kupita ku Zambezi ena ku nyanja. Mzerewo unadutsa pakati pa abale, ndipo msewu wa Dedza kupita ku Ntcheu ukuutsatabe. Pambuyo pake panabwera msonkho, cibalo, ndi maulendo a amuna opita ku migodi ya ku Joni ndi ku minda ya ku Rhodesia. Nkhanza za nthawi imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Ine ndikufuna ndiloze katundu amene amunawo ankabwera naye m'sutikesi. Bulangete, jasi, nyali ya galasi, ena pulayimasi. Kwa ine bulangete ndiye cipangizo cosunga nkhuni cacikulu kuposa zonse zimene zinalowa m'mudzi kucokera nthawi imeneyo, ndipo ndikunena izi osaseka: munthu wofunda bwino safuna moto usiku wonse. Nyali inabwera ndi mbali ina. Kwa nthawi yoyamba kuwala kunasanduka cinthu cogula. Parafini, amene ena timati petroliyo, ankayezedwa ndi kabotolo pa kantini, ndipo wosauka anadzipangira koloboyi wa kacitini ndi cingwe ca nsanza, amene bambo ankamuzima anthu akangomaliza kudya. Boma la atsamunda nalo linali ndi cikondwerero cake mu Juni, pa 10, tsiku la Portugal, koma cinali ca ku Vila Coutinho, dzina la Ulónguè nthawi imeneyo, ca mbendera ndi ana a sukulu ofola pamzere. M'midzi sicinkaphikitsa mphika.

Mu 1969 anayamba kumanga damu la Cahora Bassa pa Zambezi, m'cigawo cathu comwecino ca Tete, ndipo madzi anayamba kudzaza kumapeto kwa 1974. Makina ake asanu amatha kupanga mamegawati 2,075. Koma mawaya ake akuluakulu anawalozetsa kum'mwera, makilomita pafupifupi 1,400 mpaka ku Apollo, kufupi ndi Johannesburg. Conco pamene Samora Machel ankalengeza ufulu pa bwalo la Machava, pakati pa usiku wolowera 25 Juni 1975, midzi ya m'malire inamva nkhaniyo mumdima, anthu atazinga moto. Caka cimeneco muuni wa umodzi, Chama da Unidade, unayenda kucokera kumpoto kwa dziko mpaka ku Machava, ndipo mu 2025, pokumbukira zaka 50, unayendanso kucokera ku Nangade kudutsa zigawo zonse. Ine ndikauona pa kanema ndimangokumbukira mwana wa phale uja, atamukulitsa kufika pa dziko lonse.

Zaka zoyamba za ufulu zinabwera ndi Xirico, kawailesi kamene kankalumikizidwa m'dziko momwe muno mothandizidwa ndi Jeremani wa kum'mawa. Kwa ife a nchito ya wailesi, Xirico ndi gogo wathu. Mabatire ake ankasamalidwa ngati mankhwala: kutsegula pa nthawi ya nkhani, kutseka, kuwayanika padzuwa akafooka kuti apereke mphindi zina zocepa. Pa 25 de Junho mwini wailesi ankaitulutsa pabwalo, mudzi wonse n'kumvera ndi mabatire a munthu mmodzi. Ca kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 m'masitolo munayera. Sopo, mcere, macesi, parafini, zonse anthu ankazitsata tsidya lina, ku Lizulu kapena ku Dedza, ndipo mabanja amene anali ataiwala kukwirira cikuni anayambiranso.

Kenako nkhondo ya zaka 16 inafika m'mapiri athu, makamaka ca m'ma 1985 ndi 1986, ndipo midzi yathunthu inawoloka msewu. Pofika 1992 dziko la Malawi linali likusunga anthu a ku Moçambique opitirira 1 miliyoni. Ku Nsanje ndi kwina kunali misasa ikuluikulu; ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri tinangomanga tinyumba m'mphepete mwa midzi ya abale athu. Ine ndinali mwana wa sukulu, ndipo cimene ndimakumbukira kwambiri si mfuti ayi, ndi nkhuni. Cakudya ca thandizo cinkabwera: ufa, nyemba kapena nandolo, mafuta, mcere. Nyemba zouma zimafuna moto wa maola angapo, ndipo anthu zikwizikwi, eni mudzi ndi alendo omwe, tinkayang'ana mapiri omwewo. Caka coyamba tinkatola zouma. Pofika caka cacitatu amayi ankadzuka kusanace n'kubwera masana ndi kamtolo ka nthambi zaziwisi, nthawi zina atalandidwa nkhwangwa. Kenako tinayamba kukumba zitsa. Ena mwa mapiri a m'mbali mwa msewu uja, amene mumawaona ali mbee lero, anayera m'zaka zimenezo, ndipo abale athu a ku Malawi amene anatipatsa malo ndi amene anatsala ndi dazilo.

Koma ndi m'zaka zomwezo pamene luso la amayi linafika pacimake. Nyemba ankaziviika madzulo kuti m'mawa zipse msanga. Mafuwa ankawamatira dothi mbali ziwiri kuti mphepo isabe lawi, n'kusiya kakhomo kamodzi kolowetsera nkhuni. Mphika sunkakhala wosavundikira, ndipo pamwamba pa civundikiro ankasanjikapo kampoto ka madzi osamba mwana. Mabanja atatu kapena anayi ankaphika motsatizana pa mafuwa amodzi asanazizire. Mayi anga, nyemba zikawira ndithu, ankaziphula n'kukulunga mphikawo m'bulangete lakale, n'kuuika m'dengu la udzu. Tikabwera kusukulu tinkapeza zitapsa zokha, zikadali zotentha. Patapita zaka zambiri ndinaona anthu a bungwe lina akuonetsa dengu lomwelo pa cionetsero, lili ndi dzina la cizungu ndi mtengo wake, ine n'kungoseka cam'mimba. Ndipo 25 de Junho sitinaisiye. Inkakhala ya masana, dzuwa likayamba kutentha msana: mphika umodzi waukulu wa mabanja onse ocokera mudzi umodzi, thobwa, cintali ca amayi, ndipo dzuwa likamalowa aliyense m'nyumba.

Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo pakati pa 1993 ndi 1995 tinabwerera. Tinapeza minda itasanduka chire, mitengo itaphukira mpaka m'mabwinja a nyumba zathu. Nkhondo, imene inationongera zonse, inali itatisungira mitengo. Apa ndi pamene ndikuona kuti luso lija linatayikira, ndipo linatayika msanga. Munthu amene wakhala zaka zisanu ndi ziwiri akuwerenga tinthambi, akapeza nkhalango pakhomo safunanso kumva za kuviika nyemba. Tinayamba kuocha njerwa, ndipo uvuni umodzi wa njerwa umameza mitengo imene banja likanaphikira miyezi yambiri. Fodya anafuna mitengo ya zigafa. Matauni anakula, Tete, Moatize, Ulónguè, ndipo tsidya lina Lilongwe ndi Blantyre, onsewo akufuna makala. Njinga zonyamula matumba atatu kapena anayi zinayamba kutsika usiku m'tinjira todutsa malire. Sindikunyoza woocha makala, pakuti nayenso akufuna yunifolomu ya mwana, koma masamu ake ndi owawa: pa uvuni wa dothi umene timagwiritsa nchito, kuti mupeze kilo imodzi ya makala mumaocha makilo a mtengo asanu mpaka khumi. Kutentha koculuka kumathera m'chire momwemo, kusanaone mphika. Kwinaku malasha a ku Moatize akudutsa pa sitima kupyola m'Malawi kupita ku doko la Nacala, kukayaka m'ng'anjo za maiko akutali.

Magetsi anatipeza mocedwa. Mawaya a Cahora Bassa, amene nsanamira zake zambirimbiri zinagwetsedwa pa nkhondo, anayambanso kugwira nchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo pa 27 Novembala 2007 ku Songo damulo linabwera m'manja mwa Moçambique. Pang'onopang'ono EDM inafikitsa mawaya ku malikulu a maboma ndi m'misika ya m'mbali mwa misewu, ndipo mu 2018 kunakhazikitsidwa Energia para Todos, ndi colinga coti aliyense akhale ndi magetsi pofika 2030. Kumene mawaya sanafike kwafika sola: kambale kamodzi padenga, mababu atatu, ndi pochajira foni. Palibe amene akulira koloboyi. Mwana wowerenga pa babu sadzuka ndi mphuno zakuda. Koma taonani cimene cacitika ndi cikondwerero. Nyumba ya njerwa, malata opanda siling'i, pansi pa simenti pozizira ngati mwala wa kumtsinje. Khomo lililonse mphika wake, mbaula yake, kanema wake, ana aliyense ku cipinda cake ndi foni. Mudzi umene unkadya 25 de Junho pa moto umodzi lero umakoleza pa khomo lililonse, kuwonjezapo jenereta yokankha masipika mpaka kuca. Aliyense walipira, ndipo aliyense akumvabe cisanu.

Credelec ili ndi ubwino umodzi umene sitiuyamikira: yatibwezera kuwerenga kuja. Manambala akamatsika pa mita, umaona ndi maso ako cimene cikudya. Babu lakale la kawaya koyaka limadya mawati 60. La LED lowala cimodzimodzi limadya 8 kapena 9. Hita ya magetsi ya mawati 1,000 ikayaka ola limodzi yadya yuniti yathunthu, imene babu la LED likanayaka nayo maola opitirira 100. Cimodzimodzinso ketulo, simbi ndi mbaula ya magetsi: ciliconse cotenthetsa ndico cimeza ndalama, pamene wailesi, foni ndi mababu ndi nyerere cabe. Bambo amene amakalipira ana cifukwa ca babu la pakhonde, iye atayatsa hita kumapazi, akuthamangitsa mbewa atasiya njovu m'munda.

Ndikamafunsidwa pa wailesi kuti ticite ciyani Juni uno, sindikhala ndi catsopano. Ndimati a mbumba imodzi agwirizane kuphikira pamodzi monga ticitira pa maliro, mpunga mphika umodzi, nyama mphika umodzi, ndipo phwando liyambe masana dzuwa likadali laulere. Nyemba ziviikidwe usiku wa pa 24. Zitsononkho za cimanga cimene mwangotonola zisapite kudzala. Mapesi okha asiyeni m'munda, pakuti nthaka yathu inatopa ndipo nayo ikufuna cofunda. Nkhuni ziwazidwe zing'onozing'ono ndipo zikhale zouma, cifukwa yaiwisi imayamba yawiritsa madzi ake isanawiritse anu. Mbaula ya dothi, imene tsidya lina amaicha Chitetezo Mbaula, ndipo kuno yofanana nayo amaicha Poupa Lenha, ndi mafuwa omata aja a nthawi yothawa nkhondo, atangowaumba bwino n'kuwaocha. Amayi oumba mbiya a kwathu kuno sangavutike kuiphunzira, ndipo ndikanakonda ndalama yake ikanamathera kwa iwo. Nyumba ya malata imafunda mukamanga mphasa kapena nsungwi zoluka kunsi kwa denga ndi kuyala mkeka pamene pakhala ana. Imeneyo ndi ndalama ya kamodzi, osati ya mwezi ndi mwezi. Madzulo banja likhale cipinda cimodzi pa babu limodzi, agogo apatsidwe mpata wa nthano kanema asanatsegulidwe. A sola achaje zonse masana, pokumbukira kuti tsiku la cifunga batire silidzaza.

Cinthu cimodzi cokha ca makolo musacitengere m'nyumba ya lero. Iwo ankagona ndi moto m'nyumba cifukwa denga la udzu linkapuma: utsi ndi mpweya woipa zinkatulukira m'udzumo ndi m'mipata ya pamwamba pa khoma. Nyumba ya njerwa, ya malata ndi mawindo a galasi siipuma. Makala akamanyeka m'cipinda cotseka amatulutsa mpweya umene pa Cipwitikizi amati monóxido de carbono. Ulibe fungo, suoneka, sutsokomoletsa. Umayamba ndi mutu ndi cizungulire, munthu n'kumayesa kuti ndi mowa wa paphwando kapena tulo cabe, ndipo ogona sadzuka. Ambiri a ife tinamvapo za banja lopezeka m'mawa lili cete, mbaula ili pakati. Mukapeza wina watero, tsegulani zitseko ndi mawindo, mutulutseni panja, ndipo muthamangire naye ku cipatala ngakhale atatsitsimuka. Jenereta nayo imatulutsa mpweya womwewo. Malo ake ndi panja, kutali ndi windo. Othani mbaula yanu pakhonde kapena citseko cili cotsegula, ndipo nthawi yogona ikakwana itulutseni, makala otsala muwazime ndi mcenga kapena phulusa kuti mudzaphikire phala m'mawa wa pa 26. Agogo ndi mwana wakhanda apatsidwe bulangete laciwiri.